Mayi Cabrini Woyera ndi chipatala chimene chinayamba ndi odwala khumi

Pa 22 Disembala Mpingo umakumbukira Mayi Frances Xavier Cabrini Woyera, nkhoswe ya anthu osamukira kumayiko a eni. Ku America, kumene anagwirako ntchito yawo yaikulu, chaka chawo chimachitika pa 13 Novembala. Dzina lawo linadzatchuka chifukwa cha zipatala za m'mizinda ya New York ndi Chicago, komatu mayi ameneyu sanali dokotala kapena namwino. Anali mphunzitsi, ndipo atapemphedwa koyamba kuti asisitere awo azikasamala odwala, mtima wawo sunali pomwepo.

Anabadwa pa 15 Julayi 1850 ku Sant'Angelo Lodigiano, kumpoto kwa dziko la Italy, m'banja la alimi, ndipo makolo anamutcha Francesca. M'banjamo munabadwa ana 13 koma anayi okha ndiwo anakula. Iye anabadwa masiku asanakwane, ndipo thupi lake linali lofooka moyo wake wonse. Ali mwana ankapanga timabwato tapepala, n'kuikamo maluwa, n'kutisiya tiziyenda ndi madzi, ati amenewo ndi amishonale opita ku China. Tsiku lina anagwera mumtsinjemo, mwayi anthu anamuvuula. Kuchokera pomwepo ankaopa madzi kwambiri, chonsecho m'tsogolo mwake anadzaoloka nyanja ya Atlantic maulendo oposa 20.

Atamaliza maphunziro a uphunzitsi anapempha kulowa chipani cha asisitere amene anamuphunzitsa, koma anamubweza chifukwa cha kudwaladwala. Wansembe wina anamutumiza kukathandiza pa nyumba ya ana amasiye m'tauni ya Codogno, nyumba imene sinkayendetsedwa bwino. Kumeneko anachita malumbiro mu 1877 ndipo anatenga dzina la Francis Xavier Woyera, mmishonale wa kum'mawa. Nyumbayo itatsekedwa, episkopi wa dera lawo anawalimbikitsa kuyambitsa chipani chawo. Mu Novembala 1880, pamodzi ndi atsikana ochepa, anayambitsa chipani cha Asisitere Amishonale a Mtima Woyera wa Yesu. Ntchito yawo inali sukulu ndi ana amasiye, ndipo maso awo anali ku China.

Nthawi imeneyo umphawi unali utavuta ku Italy, makamaka kumidzi. Pakati pa 1880 ndi 1920 Ataliyana pafupifupi mamiliyoni anayi anakwera sitima zapamadzi kupita ku America kukafuna ntchito. Ambiri anali osaphunzira ndipo sankadziwa Chingerezi. Ankakumba ngalande, kuyala njanji ndi kulowa m'migodi, ntchito zimene zinkadula anthu manja ndi miyendo. Ku New York ankakhala mothithikana m'nyumba zosanjikizana za lendi, banja lonse m'chipinda chimodzi, zipinda zina zopanda ndi zenera lomwe, mwakuti chifuwa chachikulu sichinkachedwa kuyanga. Ngakhale kutchalitchi sankalandiridwa bwino: m'maparishi ena Misa ya Ataliyana inkachitikira m'chipinda cha pansi, pamene akhristu anzawo ankapemphera pamwamba. Episkopi Giovanni Battista Scalabrini wa ku Piacenza, amene anali atatumiza kale ansembe ake kwa anthu amenewa, anapempha Mayi Cabrini kuti nawonso apite. Iwo anakafunsa Papa Leo XIII, ndipo Papa anawalozera kumadzulo, osati kum'mawa kumene ankalota.

Anafika ku New York pa 31 Malichi 1889 ndi asisitere asanu ndi mmodzi. Nyumba imene anawalonjeza panalibe, ndipo Arkiepiskopi Michael Corrigan anawalangiza kuti angobwerera kwawo. Iwo anakana mwaulemu pofotokoza kuti anatumidwa ndi Papa. Posakhalitsa anatsegula nyumba ya ana amasiye ndi sukulu, ndalama zake akuchita kupempha khomo ndi khomo kwa amphawi anzawo.

Nkhani ya chipatala inabwera mu 1891. Ansembe a Episkopi Scalabrini anatsegula kachipatala ka Ataliyana pa msewu wa East 109th ndipo anafuna asisitere oti azigwiramo ntchito. Mayi Cabrini ankaona kuti chipani chawo sichinakhazikitsidwire zimenezo, ndiponso asisitere awo sanaphunzire unamwino. Olemba mbiri yawo amatchula zinthu ziwiri zimene zinawatembenuza mtima. Choyamba, asisitere awiri atapita kukazonda odwala pa chipatala china cha boma anaitanidwa ndi bambo wina wa Chitaliyana amene anali ndi kalata yochokera kwawo. Anali atakhala nayo miyezi ingapo osaimva, popeza iye sankadziwa kuwerenga ndipo pa chipatalapo panalibe wodziwa Chitaliyana. Asisitere atamuwerengera, inali ya uthenga wa maliro a mayi ake. Chachiwiri ndi loto limene Mayi Cabrini analota, m'mene anaona Amayi Maria atapinda mikono ya chovala chawo akusamala odwala m'wodi, kugwira ntchito imene iwo ankaipewa. Nkhani ya loto ndi imene anthu amakonda kuikamba, koma ya kalata ija ndiyo ikusonyeza vuto lenileni. Munthu amene sangathe kuuza dokotala pamene pakumupweteka ali ngati sanapite kuchipatala n'komwe.

Asisitere anayamba ntchito, koma kachipatala kaja kanali m'ngongole zambiri. Ansembe anali ndi mtima wabwino, za ndalama zokha ndiye sankazitha. Zinthu zitafika poipa, panabuka maganizo akuti asisitere atenge chipatalacho pamodzi ndi ngongole zake. Mayi Cabrini anakanitsitsa kusenza ngongole zimene sanakongole, ngakhale kuti kukanako kunautsa mkangano ndi ansembe a episkopi yemwe anawabweretsa ku America. Wina angati kunali kuuma mtima. Koma akanavomera, ndalama iliyonse yopemphedwa m'misewu ikanathera kwa okongoza, osati kwa odwala.

Mu 1892 anachita lendi nyumba ziwiri zoyandikana pa msewu wa East 12th, n'kusamutsirako odwala khumi. M'manja anali ndi madola pafupifupi 250 a anthu akufuna kwabwino, okwanira lendi ya mwezi woyamba ndi mabedi otsika mtengo. Matiresi anasoka okha asisitere, ndipo iwo eni ankagona pansi. Masiku oyamba munalibe madzi a m'mipope kapena pophikira, choncho chakudya cha odwala ankachita kukagula kunja. Madokotala ena anavomera kuthandiza osalipidwa.

Dzina la chipatalacho silinali la woyera aliyense. Anachitcha Columbus Hospital, popeza chaka chimenecho panali patatha zaka 400 chifikireni Christopher Columbus ku America. Apa panali nzeru. Ataliyana ambiri a nthawiyo, makamaka abambo, anali pa chidani ndi ansembe chifukwa cha ndale za kwawo, ndipo dzina lachipembedzo likanawathawitsa. Dzina la Columbus aliyense ankalinyadira, wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Munthu akalowa ankamva chilankhulo cha kwawo ndi kudya chakudya chimene anazolowera, ndipo amene analibe ndalama sankabwezedwa. Ena amene anasiya masakramenti kalekale anabwerera ali pabedi pomwepo.

Nyumba ziwiri zija zinachepa msanga. Mu 1895 chipatala chinasamukira m'nyumba yaikulu pa msewu wa East 20th, imene kale inalinso chipatala, ndipo boma la New York linachivomereza mwalamulo. Kuvomerezedwa kumeneku kunali kofunika kwambiri kwa anthu amene ankanyozedwa chonchi. Zaka zinayi zokha m'mbuyomo, mu Malichi 1891, gulu la anthu linathyola ndende ku New Orleans n'kupha Ataliyana 11, ndipo palibe amene analangidwa.

Ku Chicago ndi kumene kunaonekera poyera kuti sisitere wooneka wofookayu anali katswiri pa za malonda. Arkiepiskopi James Quigley atawapempha kuti atsegule chipatala, anagula hotela yakale yotchedwa North Shore, kufupi ndi nyanja ya Michigan. Asanasaine mapepala anatuma asisitere m'mamawa ndi chingwe kuti akayeze puloti yonse, ndipo zinapezeka kuti ogulitsa anabisako chigawo china. Kenaka, iwo ali paulendo, makontilakitala anagumula zipupa zosafunika kugumula n'kumakweza mitengo. Atabwerako anawachotsa ntchito, n'kuyamba kuyang'anira okha amisiri tsiku ndi tsiku. Chipatala cha Columbus cha ku Chicago chinatsegulidwa mu 1905.

Panali odandaula, ndipo dandaulo lawo linali lomveka. Chipatala chatsopanocho chinali kudera la anthu olemera, kutali ndi kumene amphawi a Chitaliyana ankakhala. Koma Mayi Cabrini anali ataphunzira ku East 109th kuti chipatala chongodalira zopempha sichikhalitsa. Anafuna kuti olemera azibwera kudzagona m'zipinda zabwino zoyang'ana kunyanja, azilipira mokwanira, ndipo zotsalazo zizilipirira amene alibe kanthu. Patapita zaka zochepa anatseguladi nthambi yotchedwa Columbus Extension kumadzulo kwa mzindawo, pakati pa amphawi eniake. Eni nyumba ena oyandikana ndi malowo sanafune chipatala cha amphawi pakhomo pawo. Usiku wina mapaipi a madzi anadulidwa m'nyengo yachisanu choopsa, madzi n'kuundana m'nyumbamo, ndipo tsiku lina panali ofuna kuyatsa moto. Mayi Cabrini analowetsa odwala ntchito yokonza isanathe, poganiza kuti palibe angatenthe nyumba muli anthu odwala. Kunali kuika moyo wa ena pachiswe, ndipo lero boma silingalole zotere, koma chipongwecho chinatheradi pomwepo.

Zonsezi ankazichita uku akuyendera nyumba zina za chipani chawo ku Nicaragua, Argentina, Brazil, France, Spain ndi England. Paulendo wina anadutsa mapiri a Andes atakwera nyulu. Mu 1909 anakhala nzika ya America mumzinda wa Seattle, kumene pambuyo pake anatsegulanso chipatala china. Pofika kumapeto kwa moyo wawo anali atakhazikitsa sukulu, zipatala ndi nyumba za ana amasiye zokwana 67. Malungo amene anawatenga m'maulendomo anawafooketsa kwambiri. Anamwalira pa 22 Disembala 1917 m'chipinda chawo pa chipatala cha Columbus ku Chicago, ali ndi zaka 67, masiku amene ankakonza timaphukusi ta maswiti a Khrisimasi ta ana a sukulu.

Chozizwitsa chimodzi mwa zimene Mpingo unavomereza chinachitikira m'chipatala chawo chomwe, ndipo chinayamba ndi kulakwitsa. Mu 1921, pa nthambi ya Columbus ku New York, namwino anadontheza m'maso mwa khanda lobadwa kumene mankhwala a silver nitrate amphamvu kuposa muyeso maulendo 50. Madokotala anati mwanayo sadzaonanso. Asisitere anachezera usiku wonse kupemphera kudzera mwa mayi wawo, ndipo maso a mwanayo anachira. Atakula anadzakhala wansembe. Papa Pius XI anawatchula Wodala pa 13 Novembala 1938, ndipo Papa Pius XII anawaika m'gulu la oyera pa 7 Julayi 1946. Anali nzika yoyamba ya America kulandira ulemu umenewu. Mu 1950 anasankhidwa kukhala nkhoswe ya osamukira kumayiko ena.

Chipatala chija cha odwala khumi chinapitirira kukula. Ana ndi zidzukulu za Ataliyana atatukuka n'kusamukira kumadera ena, m'mabedi munalowa alendo atsopano a zilankhulo zina. Mu 1973 chinaphatikizana ndi Italian Hospital, ndipo chinadzadziwika ndi dzina lakuti Cabrini Medical Center, chokhala ndi mabedi mazanamazana. Edzi itabuka m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene anthu ambiri ankaopa ngakhale kugwira dzanja la wodwala, chipatalachi chinali chimodzi mwa zimene zinalandira odwalawo ku New York ndi kusamala amene anali pafupi kumwalira.

Pamapeto pake chinagonja ndi vuto lomwe lija limene Mayi Cabrini analithawa mu 1892. Mtengo wa chithandizo unakwera, asisitere ogwira ntchito popanda malipiro anachepa, ngongole zinachuluka, ndipo bungwe la boma lounika zipatala za m'chigawo cha New York linachiika pa mndandanda wa zoyenera kutsekedwa. Chinatsekedwa mu 2008, patatha zaka 116. Cha ku Chicago chinali chitatsekedwa kale zaka zingapo m'mbuyomo ndipo chinagumulidwa, pamalopo n'kumangidwa nyumba zogonamo anthu olemera. Tchalitchi cha chipatalacho chokha ndicho chinasungidwa, ndipo chinatsegulidwanso mu 2012 ngati malo a ulendo wa mapemphero, muli bedi ndi katundu wa m'chipinda chimene anamwaliriramo.

Asisitere a chipani chawo akadalipo m'mayiko osiyanasiyana. Kuno kummwera kwa Africa anafika ku Eswatini mu 1971, ndipo pa mishoni ya St. Philip's amasamala odwala Edzi ndi chifuwa chachikulu pamodzi ndi ana amasiye.