Mwana wa mayi wochapa zovala amene anatsegula banki

Anzanga, munamvapo za Maggie Lena Walker? Ine kusukulu dzinali sindinalimvepo.

Anabadwa mu 1864 mumzinda wa Richmond ku America. Amayi ake, omwe kale anali kapolo, ankachapira azungu zovala, ndipo Maggie ndiye ankasenza dengu kukapereka. Ataphunzira anakhala mphunzitsi, koma atakwatiwa mu 1886 ntchito inathera pomwepo, poti lamulo silinkalola mayi wapabanja kuphunzitsa. Tangoganizani!

Mu 1899 anamusankha kuyendetsa Independent Order of St. Luke, bungwe la anthu akuda lothandizana pa matenda ndi maliro. M'thumba anapezamo madola 31 okha, kwinaku ngongole.

Masiku amenewo mabanki a azungu sankafuna kukongoza munthu wakuda, nanji mkazi. Popanda ngongole nyumba sungagule, umangokhalira lendi, ndipo ukamwalira ana amayambiranso pansi. Ndiye mu 1903 anatsegula St. Luke Penny Savings Bank, kukhala mayi woyamba wakuda kukhazikitsa banki m'dzikolo. Amayi ochapa ndi ogwira ntchito m'nyumba ankasungitsa timakobiri tawo, ngati zija amachita amayi athu ku banki m'khonde. Pofika 1920, mabanja oposa 600 anali atagula nyumba ndi ngongole za bankiyi.

Sikuti zonse zinayenda ayi. Sitolo imene anatsegula mu 1905 inatsekedwa mu 1911, amalonda achizungu atailimbana nayo.

Anamwalira mu 1934. Mabanki ambiri anali atagwa m'zaka zimenezo, koma yake, itaphatikizana ndi ena awiri, inali ikugwirabe ntchito.