DOTOLO JOHN CONOLLY, AMENE ANAMASULA ODWALA MISALA

Pa 1 Juni 1839, dotolo wina wa zaka 45 anayamba nchito pa cipatala ca Hanwell, kufupi ndi mzinda wa London ku Mangalande. Dzina lace anali John Conolly. Cipatalaco cinali ca odwala misala osauka, ndipo munali anthu okwana ngati 800.

Kufikira nthawi imeneyo moyo wace sunali wotamandika. Anabadwira ku Market Rasen m'caka ca 1794, nakhala msilikari kanthawi, natsiriza maphunziro a udotolo ku Edinburgh mu 1821. Anaphunzitsako pa sukulu lapamwamba la ku London, koma sanakhalitse, ndipo ndalama zinali kumsowa kawirikawiri.

Masiku amenewo kumanga wodwala misala kunali cizolowezi, monga momwe banja lothedwa nzeru limamangira mbale wao ku mtengo poopa kuti angadzipweteke. Ku Hanwell Conolly anapeza zomangira mazanamazana: maunyolo a kumiyendo, malamba acikopa, malaya olimba opinga manja, ndi mipando yomangirirapo anthu. Ngakhale odwala khunyu anali kuwamangirira ku kama usiku.

Nzeru yoleka zimenezi sinayambe ndi iye. Pa cipatala cacing'ono ca ku Lincoln, wodwala wina anapezeka atafa m'mawa mu 1829, atagona womangidwa usiku wonse popanda womuyang'anira. Dotolo Edward Charlesworth anayamba kucepetsa zomangira, ndipo wacinyamata Robert Gardiner Hill anazithetseratu pofika 1838. Conolly anapita kukaona yekha. Ambiri anali kunena kuti zotere zingatheke pa anthu owerengeka cabe, osati pa khamu.

Atafika ku Hanwell sanazengereze. Pofika mwezi wa Seputembala 1839, miyezi inai isanathe, panalibenso wodwala womangidwa.

Kutaya unyolo kunali kwapafupi. Cobvuta cinali codzalowa m'malo mwace. Conolly anaona kuti cingwe cimagwira nchito ya wosamalira amene palibe, kapena amene watopa. Cotero anapempha akuluakulu a cipatala kuti aonjezere osamalira odwala ndi kuwakwezera malipiro. Analimbikira za cakudya cokwanira, kusamba, zobvala zoyera, kuyenda pabwalo ndi nchito zamanja. Anaphunzitsa anchito kufufuza cimene cakwiyitsa munthu, kaya ndi njala, kuzizira, ululu kapena mau acipongwe, asanathamangire kumgwira. Wodwala akalusa kwambiri anali kumuika kanthawi m'cipinda ca zipupa zofewa, ndipo zimenezi zinali kulembedwa m'buku. Otsutsa anati kutsekera munthu payekha ndi kumanga komweko. Mlandu umenewu sunathe mpaka lero pakati pa osamalira olemala ndi odwala maganizo.

Mu 1844 analeka kukhala pacipatalapo, koma anapitiriza kudzaona odwala kufikira 1852. Mu 1856 analemba buku lolongosola njira yace, pamene zipatala zambiri za m'dzikomo zinali zitaitsata kale. Hill, amene anacoka ku Lincoln mu 1840 atatsutsidwa kwambiri, anadandaula moyo wace wonse kuti ulemu unapita kwa wina, ndipo dandaulo lace linali ndi maziko.

Ukalamba wa Conolly unali ndi banga. Mu 1859 mbiri yace inaipa m'bwalo la milandu pa nkhani ya munthu wina amene anatsekeredwa m'nyumba ya odwala misala imene inali kumlipira iye ndalama. Anamwalira ku Hanwell komweko pa 5 Marichi 1866, ali ndi zaka 71.