Johannes van der Waals, Mphunzitsi Amene Anakonza Lamulo la Mpweya

Anzanga amene tinalimbana ndi Physical Science tikukumbukira malamulo a Boyle ndi Charles: mpweya ukaupanikiza malo ake amachepa, ukautenthetsa umafutukuka. Enafe titafika ku yunivesite tinawapeza ataphatikizidwa kukhala PV = nRT. Koma lamulo limeneli limayenda bwino pokhapokha mpweya uli womasuka. Ukapanikizidwa kwambiri kapena ukazizira kwambiri, masamu aja amayamba kunama. Munthu amene anafotokoza chifukwa chake ndi Johannes Diderik van der Waals wa ku Netherlands.

Iye anabadwira mumzinda wa Leiden pa 23 November 1837. Bambo ake anali kalipentala, ndipo m'banja la ana khumi iye ndiye anali chisamba. Ali ndi zaka pafupifupi 15 analekeza sukulu nayamba kuthandizira aphunzitsi pa sukulu ya pulaimale, kenaka nakhoza mayeso a uphunzitsi. Mu 1862 anayamba kumakamvera maphunziro a masamu ndi sayansi pa yunivesite ya Leiden, koma sankaloledwa kulemba mayeso a digiri. Chifukwa? Analibe Chilatini ndi Chigiriki. Ife ogwira ntchito m'boma nkhani yotere sitiidabwa: munthu ntchito akuitha, koma pafayilo pakusowa pepala limodzi. Anapitiriza kuphunzitsa, ku Deventer ndiponso ku The Hague, mpaka chopingacho chitachotsedwa. Digiri ya udokotala anaipeza mu 1873, ali ndi zaka 35.

Zimene analemba chaka chimenecho ndizo zinamutchukitsa. Lamulo lakale limatenga timamolekyulu ta mpweya ngati tinthu topanda thupi, tosalabadirana. Van der Waals anaona kuti zonsezi si zoona. Timamolekyulu tili ndi thupi, choncho malo amene tingayendemo ndi ochepa kuposa botolo lonse. Apa anachotsera b pa V. Komanso timakokana, motero sitimenya khoma la botolo mwamphamvu monga lamulo lakale linkayembekezera. Apa anawonjezera a/V² pa P. Chotsatira chake ndi (P + a/V²)(V − b) = RT, ndipo mpweya uliwonse uli ndi a ndi b wakewake.

Chimene chimandigometsa n'chakuti mzere umodzi womwewo ukufotokoza mpweya ndi madzimadzi omwe. Mu 1869 Thomas Andrews anali atapeza kuti carbon dioxide ikatentha kupitirira madigiri 31, ngakhale uipanikize chotani siisanduka madzimadzi. Masamu a van der Waals anasonyeza kumene malire amenewa amachokera. Tisaiwalenso kuti masiku amenewo akatswiri ena otchuka sankakhulupirira n'komwe kuti mamolekyulu alipo. James Clerk Maxwell anayamikira ntchitoyi m'magazini ya Nature mu 1874, ngakhale kuti panali zina zimene sanagwirizane nazo.

Mu 1877 anakhala pulofesa woyamba wa physics pa yunivesite ya Amsterdam. Mu 1880 anasonyeza kuti mipweya yonse imachita mofanana ukaiyeza molingana ndi malire ake aja. Mfundo imeneyi inatsogolera James Dewar posandutsa hydrogen kukhala madzimadzi mu 1898, ndi Heike Kamerlingh Onnes pochita chimodzimodzi ndi helium ku Leiden mu 1908.

Kunyumba zinthu sizinali choncho. Mkazi wake, Anna Magdalena Smit, anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1881, kumusiyira ana anayi. Sanakwatirenso, ndipo kwa zaka zingapo cholembera chake chinazilala.

Masamu akewo si angwiro, ndipo mainjiniya a mafuta ndi gasi amagwiritsa ntchito okonzedwanso, monga a Redlich ndi Kwong a 1949 kapena a Peng ndi Robinson a 1976. Koma mukawayang'anitsitsa, a ndi b aja akadali momwemo. Van der Waals analandira mphotho ya Nobel mu 1910, ndipo anamwalirira ku Amsterdam pa 8 March 1923 ali ndi zaka 85.