Joseph Mukasa wa ku Buganda

Tamvani mbiri ya Joseph Mukasa, kapitao wa anyamata otumikira Mfumu Mwanga ku Buganda. Iye anabatizidwa ndi ansembe a Ciroma m'caka ca 1882. Masiku amenewo Aroma ndi Aanglikani anatsutsana kolimba za ulamuliro wa Papa ndi za Mariya, angakhale onse anabvomereza Yesu mmodzi, wopacikidwa ndi woukanso. Koma pamene Mwanga anaphetsa Bishopu James Hannington wa Aanglikani, Mukasa sanamuyesa mlendo ai. Anadzudzula mfumu pamaso pace. Cifukwa ca ici anamdula mutu, natentha mtembo wace pa 15 November 1885. Asanafe anakhululukira mfumuyo. Nanga ife, Mkristu wa mpingo wina timuyesa yani?