Paul von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali amene Angerezi analephera kumugwira

Anzanga, mukamva za Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse musamangoganiza za ku Ulaya kokha ayi. Agogo a agogo athu ankaitcha nkhondo ya chiwaya, ndipo amene anachititsa kuti ikhalitse kuno ndi Mjeremani wina dzina lake Paul von Lettow-Vorbeck.

Anabadwa mu 1870 ku Saarlouis, m'banja la asilikali. Anamenya nkhondo ku China mu 1900, kenako ku Namibia mu 1904 pamene Ajeremani ankapha Aherero ndi Anama, ndipo kumeneko anavulala diso. Mu Januwale 1914 anatumizidwa ku German East Africa, komwe lero ndi Tanzania, Rwanda ndi Burundi, kuti akatsogolere gulu lankhondo lotchedwa Schutztruppe.

Gululi linali laling'ono zedi: Ajeremani pafupifupi 260 ndi asilikali achikuda, otchedwa askari, ochepera 2,500, ogawidwa m'makampani 14. Kampani iliyonse inkayenda payokha ndi mfuti zake za chiwaya komanso anthu ake onyamula katundu. Askari ankavala yunifomu ya kaki, kachisoti kokhala ndi chizindikiro cha chiwombankhanga kutsogolo ndi kansalu kolendewera kumbuyo kotchinga khosi ku dzuwa, ndipo miyendo ankaikulunga ndi nsalu kuyambira pa kakolo mpaka pa bondo. Azungu ankavala zipewa zolimba za dzuwa kapena zikuluzikulu zopinda mbali imodzi. Koma mfuti zambiri zinali zachikale, za mu 1871, zotulutsa utsi wambiri moti ukangowombera mdani wadziwa kale pomwe wabisala.

Mu Novembala 1914 ku Tanga, anthu ake ngati 1,000 anathamangitsa asilikali a Angerezi 8,000, njuchi nazonso zikuluma onse osasankha mbali. Miyezi iwiri izi zisanachitike, asilikali a Ajeremani anali ataukira Karonga koma anabwezedwa, ndipo manda a amene anafa pa nkhondoyo alipobe. Imfa za anthu akuda pamenepo ndi zimene zinachititsa John Chilembwe kulemba kalata yodandaula kuti anthu akufera nkhondo yosawakhudza.

Nzeru ya Lettow-Vorbeck inali kumenya nkuthawa, kuti Angerezi atangwanike naye m'malo motumiza asilikali ku Ulaya. Katundu wochokera kwawo atasiya kufika, yunifomu zija zinatha. Anayamba kusoka nsapato za zikopa za nyama, kuphika makungwa kuti apeze mankhwala a malungo, ndi kuvala zovala zolanda. Mu Novembala 1917 anawoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa mu Mozambique, nalanda mfuti, zipolopolo ndi zovala za Apwitikizi ku Ngomano. Tangoganizani msilikali wa Jeremani atavala malaya a Mpwitikizi, mfuti ili ya Mngerezi!

Mabuku ambiri amamutama kuti sanagonjetsedwe. Ine ndikuti tifunsenso kuti ankadya za ndani. Asilikali ake akadutsa pamudzi ankakokolola nkhokwe ndi ziweto, nkugwira amuna kuti asenze katundu, m'mbuyo nkusiya njala. Angerezi nawo pomusaka anatenga amuna ambirimbiri a ku Nyasaland kukhala amtengatenga, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi matenda komanso kutopa. Ena analowa KAR, chipilala chawo ndi chija cha ku Zomba.

Nkhani yoti nkhondo yatha ku Ulaya inamupeza ali kufupi ndi Kasama ku Zambia. Anatula zida pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, ali ndi Ajeremani 155 ndi askari 1,168. Kwawo anamulandira ngati ngwazi ku Berlin mu 1919, koma mu 1920 anachotsedwa usilikali chifukwa chothandiza nawo ofuna kulanda boma.

Anamwalira ku Hamburg mu 1964 ali pafupi kukwanitsa zaka 94. Chaka chomwecho boma la West Germany linavomera kulipira askari amene anali akadali moyo. Amene analibe mapepala ankapatsidwa tsache kuti aligwire ngati mfuti, nkumawalamula pelete m'Chijeremani, ndipo madalawo ankatsatira bwinobwino.