Ronald Fisher: katswiri wa masamu amene anasintha kayesedwe ka zinthu

Asayansi ofufuza njira zoperekera mankhwala m'thupi amakonza timibulu tosaoneka ndi maso kuchokera ku ma polymer monga PLGA. Timibuluto timasunga mankhwala n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Kuti tikhale ta msinkhu woyenera, wofufuza ayenera kudziwa muyeso wa polymer, muyeso wa mankhwala ndi liwiro lotakasira. Njira yopezera miyeso imeneyi popanda kuwononga zipangizo inayambira m'munda wa tirigu, m'manja mwa Ronald Aylmer Fisher.

Fisher anabadwa pa 17 February 1890 ku London. Maso ake anali ofooka kuyambira ali mwana, moti anazolowera kuwerengera masamu m'mutu. Anaphunzira ku yunivesite ya Cambridge, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka anamukana usilikali chifukwa cha masowo. Kwa zaka zingapo anali mphunzitsi wa pasukulu.

Mu 1919 analembedwa ntchito pamalo ofufuzira za ulimi a Rothamsted ku England, pomwe panaunjikana zolembedwa za zokolola za zaka zambiri. Iye anaona kuti n'kovuta kudziwa ngati munda wabereka chifukwa cha feteleza kapena chifukwa cha chonde chake. Choncho analangiza kuti tizigawo ta munda tizigawidwa mwamaere, kuyesako kuzibwerezedwa, ndipo zinthu zingapo zizisinthidwa nthawi imodzi m'malo mosintha chimodzichimodzi. Mfundozi anazifotokoza m'buku lake la mu 1935, The Design of Experiments.

Phindu la njirayi likuonekera pa timibulu tija. Zinthu zitatu, chilichonse pa muyeso wochepa ndi wochuluka, zimafuna kuyesa kasanu ndi katatu kokha, ndipo wofufuza amadziwanso ngati chinthu chimodzi chikusintha mphamvu ya chinzake. Mkamwini wake, George Box, anapititsa patsogolo nzeruzi, ndipo njira ya Box-Behnken imagwiritsidwa ntchito kwambiri pokonza mankhwala.

Komabe mbiri ya Fisher ili ndi mabala. Iye ankalimbikitsa maganizo a eugenics, akuti anthu ena ndiwo oyenera kubereka kuposa anzawo. M'zaka za m'ma 1950 anatsutsanso umboni woti kusuta fodya kumayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo pamenepa analakwa. Mu 2020 koleji yake ya Gonville and Caius inagamula kuchotsa zenera lomukumbukira.

Analandira ulemu wa Sir mu 1952, ndipo atapuma pa ntchito ku Cambridge anasamukira ku Australia. Anamwalira mumzinda wa Adelaide pa 29 July 1962 atachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo, ali ndi zaka 72.