Mbiri ya Frédéric Mistral (1830-1914)

Kubadwa ndi maphunziro ake

Frédéric Mistral adali mlakatuli wa ku France. Iye adabadwa pa 8 Seputembala 1830 m'mudzi wa Maillane, m'chigawo cha Provence, kummwera kwa dzikolo. Bambo ake adali mchikumbe wopeza bwino. Pakhomo, kumunda ndi kubusa anthu ankayankhula chiyankhulo chawo cha Provençal. Kusukulu ndi m'maofesi a boma munkamveka Chifalansa chokhachokha, moti chiyankhulo cha makolo chinkatengedwa ngati cha anthu osapita kusukulu.

Ali pasukulu ku Avignon, Mistral adakumana ndi mphunzitsi wina, Joseph Roumanille, yemwe ankalemba ndakatulo m'chiyankhulo chonyozekacho. Kenaka adakaphunzira zamalamulo ku Aix-en-Provence ndipo adatsiriza mu 1851. Sadafune ntchito ya uloya ayi. Adabwerera kumudzi n'kuyamba kulemba.

Zolemba zake

Mu 1854 Mistral ndi alakatuli anzake asanu ndi mmodzi adakhazikitsa bungwe la Félibrige lotukula chiyankhulo chawo. Mu 1859 adatulutsa Mirèio, ndakatulo yaitali ya zigawo 12. Imakamba za mwana wamkazi wa mlimi wolemera amene adagwa m'chikondi ndi mnyamata wosauka woluka madengu. Makolo atakaniza ukwatiwo, mtsikanayo adathawa wapansi kukapemphera kumalo oyera, dzuwa lidamuwotcha m'njira mpaka adamwalira. Mistral adalembanso mtanthauziramawu wamkulu wa mabuku awiri, Lou Tresor dóu Felibrige, womwe udatuluka pakati pa 1878 ndi 1886.

Nyumba yosungiramo chikhalidwe

Mawu amafa pamodzi ndi zinthu zimene amatchula. Chida chikaleka kugwiritsidwa ntchito, dzina lake nalo limaiwalika. Nthawi ya Mistral, katundu wa m'mafakitale ndi mavalidwe a ku Paris zidayamba kulowa m'midzi. Choncho mu 1896 iye adayamba ntchito yosonkhanitsa zinthu za kwawoko, ndipo mu 1899 nyumba yotchedwa Museon Arlaten idatsegulidwa mumzinda wa Arles.

M'nyumbamo simudali za mafumu ndi akatswiri a nkhondo, koma za anthu wamba: zovala, mipando, ziwiya za kukhitchini, zida za alimi, abusa ndi asodzi, zithumwa, ng'oma ndi zitoliro. Zambiri adachita kupereka ndi eni ake, ndipo zina zinkagwirabe ntchito m'makomo. Mistral ankalemba ndi dzanja lake timapepala tofotokoza zinthuzo m'chiyankhulo cha Provençal. Mudalinso zidole zazikulu ngati anthu zoonetsa miyambo, monga banja likuchezera usiku woti mawa ndi Khirisimasi, ndiponso amayi akuzonda mnzawo amene wangochira kumene.

Mwambo sukhala wamoyo m'kabati yagalasi. Nchifukwa chake mu 1903 Mistral adayambitsa chikondwerero cholemekeza atsikana amene adasankha kuvala zovala za makolo a ku Arles. Mu 1904 adalandira mphotho ya Nobel ya zolembalemba, yomwe adagawana ndi José Echegaray wa ku Spain. Ndalamazo sadadyere. Adakonzetsera nyumba ina yaikulu, ndipo Museon Arlaten idasamukira mmenemo mu 1909.

Imfa yake ndi zimene adasiya

Mistral adamwalira pa 25 Malichi 1914 ku Maillane komwe adabadwira. Si zonse zimene ankalakalaka zidatheka. Oyankhula Provençal adapitirira kuchepa, ndipo ena amamudzudzula kuti adakometsa moyo wakumudzi mopyola muyeso. Komabe nyumba ija idakalipo. Idatsekedwa mu 2009 kuti ikonzedwe, n'kutsegulidwanso mu 2021, ndipo imaonetsanso za moyo wa anthu a ku Provence a masiku ano.

Ophunzira, poyankha mafunso musaiwale kuti ndakatulo, mtanthauziramawu ndi nyumba ija zonse zidali ndi cholinga chimodzi: kuti chiyankhulo ndi chikhalidwe cha anthu wamba zipatsidwe ulemu.

Mafunso

1. Kodi n'chifukwa chiyani chiyankhulo cha Provençal chinkanyozeka?
2. Fotokozani mwachidule nkhani ya m'ndakatulo ya Mirèio.
3. Perekani njira zitatu zimene Mistral adatsata posunga chikhalidwe cha kwawo.
4. Tchulani zinthu zisanu za m'dera lanu zoyenera kusungidwa m'nyumba yotere ndipo perekani zifukwa.